Uthenga wa Utale Unadzera pa Madenga

Usiku wathawu, anzanga inu, ndalota zoti ndikanakhala mneneri bwenzi pano nditatsegula mpingo wanga. Khalani pansi kaye. A Namaseko, mkeka uwo, musaime pakhomo ngati mwadzapala moto. A Kathyole, kampando ako, kokerani kumthunzi. Mwati bondo? Bondo lilipo, likupweteka monga mwa masiku onse, ndipo m'malotomu nalo linayankhula, mumva.

Koma ndiyambe ndi za dzulo masana kuti mumvetse. Mukudziwa nonse kuti mvula yakwana ndipo bowa wa utale wayamba kutuluka. Mukudziwanso kuti ine ndili ndi malo anga m'phiri la Kalilombe, malo amene anandionetsa malemu amayi anga, iwonso anaonetsedwa ndi amayi awo, pomwe utale umatuluka waukulu ngati lichero. Musayang'ane kumbali a Namaseko. Zaka zonsezi mwakhala mukunditsata pambuyo mukunamizira kutola nkhuni, nkhuni zanji m'dzinja zonyowa? Chaka chino bondo landikaniza kukwera. Ndipo ine Mulungu anandipatsa ana aamuna okhaokha, wamkazi woti ndimunong'oneze ndilibe. Ndakhala ndikudzifunsa kuti kodi malo aja afere m'mimba mwanga? Bowa sadikira munthu, akatuluka lero mkuja ndi mphutsi.

Ndiye dzulo ndinalimba mtima. Ndinatenga foni n'kulemba ndi chala chimodzi, monga anatiphunzitsira ku sukulu ya kwacha, kulembera mpongozi wanga Fanesi, amake Pempho, kuseri kwa phiri kwa Mphanyama. Uja mwana wanga Lefani anamusiya ndi ana n'kukatchona ku Joni, koma iye mpaka lero amabwerabe kudzandichapira mabulangete. Ndinamulembera njira yonse, poyambira, pokhota, mtengo wake, chulu chake. Netiweki ya kampani kuno mukuidziwa, imapezeka pa chulu cha kusukulu basi, ndipo umayankhula mudzi wonse ukumvera. Choncho ndinatumiza pa tibokosi tathu tija ta pa madenga, timene inatimangira kalabu ya alimi, topanda simu, topanda mayunitsi, timene timangopatsirana uthenga denga ndi denga mpaka ukafike kwa mwini wake. Anatiuza kuti uthengawo umayenda wotseka, wotsegula ndi mwini yekha. Ine ndinavomera ndi pakamwa koma mtima unakana, poti denga lotsatira langa ndi la a Kathyole, ndipo lomaliza kumtunda, lomwe limaona kuseri kwa phiri, ndi lanu a Namaseko. Chinsinsi cha amayi anga kudzera pamwamba pa mutu wanu! Ndinadikira kachizindikiro koti wafika mpaka dzuwa kulowa, zii. Ndinamwa mankhwala a bondo n'kugona ndi nkhawa imeneyo.

Ndiye ndinangoona ndili pa denga la nyumba yangayi, kunja kuli ngwee, malata osaotcha, osaterera. Kabokosi kanga kaja kakhala pansonga, kapinda miyendo, kagwira kagalasi kake ka sola ndi manja awiri, kakumwa dzuwa pang'onopang'ono ngati tiyi wotentha.

"Mwaswera bwanji a Nangondo?" kakutero. "Katundu wanu uyu, sanapite."

"Sanapite bwanji? Si ntchito yako imeneyo iwe?"

"Ntchito yanga n'kuponya. Koma ndinakumvani mukuuza mphaka kuti ife tibokosi ndife akazitape. Ndiye lero muperekeze nokha, mukaone ndi maso."

N'zoona, mphakayo ndinamuuzadi. Kanandipatsa kaphukusi kokulunga m'tsamba la nthochi, komanga ndi luzi, kunja kolemba dzina la Fanesi. Ndikakaika kukhutu ndikumva mawu anga omwe akunong'ona mkati, koma osamveka chomwe akunena. Kenaka kanandithira mtedza wokazinga m'dzanja, wochepa zedi, woti mwana ukamupatsa angakutsonye.

"Denga lililonse lomwe mufike musiyepo kamtedza kamodzi," kakutero. "Ukakutherani panjira, uthenga wafera pomwepo. Ife sitisunga mawu ongozungulira m'mwamba opanda kofikira."

Ndiye bondo langa lamanzereli linatsokomola n'kunena kuti, "Ine ulendo wa pa madenga ayi, ndinakalamba." Ndinati tsala, wandizunza mokwanira. Linaguluka bwinobwino osatuluka magazi, linakakhala pambali pa kabokosi, awiriwo n'kuyamba kutsutsana za mpira. Ndikuti nditsanzike, kabokosi kanakoka mpweya n'kuyetsemula, ine phuu, m'mwamba.

Abale inu, kuuluka n'kokoma! Thupi lonse linapepuka, msana unawongoka, mphepo ikundilowa m'makwinya. Pansi ndikuona mudzi wonse, chimanga chanu a Kathyole chili chikasu chikufuna feteleza wobereketsa, mbuzi za abusa zili m'munda wa eni ake monga mwa chizolowezi. Ndinaseka ndekha m'mwambamo, kuseka kwa mtsikana, kuja ndinakuiwala kalekale.

Mwadzidzidzi kuyang'ana kumanzere, ine wina akuuluka kulowera ku denga la tchalitchi. Kuyang'ana kumanja, ine winanso akupita kuchigayo. Chitenje chomwechi, duku lomweli, aliyense kaphukusi m'manja.

"Kodi inu ndinu ayani?" ndikufunsa.

"Ndife inu," akutero wakumanzereyo. "Kabokosi kakaponya kamaponyera onse omva. Amene afike wafika, enafe tikapuma."

Ndinati chabwino, mukapereke moni kunyumba, ngakhale nyumba yake ndi yomweyi.

Ndiye ndinatera pa denga la okala yanu a Kathyole, phaa. Kabokosi kanu kanali konenepa, kakununkha sopo ndi usipa, ndipo kanalibe maso ngakhale makutu, manja ndi pakamwa basi. Ndinakapatsa kamtedza, kanatafuna, kanatenga kaphukusi n'kukayesa m'dzanja.

"Olemera awa," kakutero. "Mawu a cholowa."

"Wadziwa bwanji? Wasuzumira iwe!"

"Ndisuzumire ndi chiyani mayi? Ine ndimangomva kulemera. Ena amabwera opepuka, ndimati awa ndi moni. Ena amabwera akuthamanga, ndimati uyu akufuna galimoto ya kuchipatala. Ena otentha, ndimati apa pali chibwenzi kapena ndewu. Koma kuti ndani wanena chiyani, ndilibe nazo ntchito, ine n'kuponya."

Tili mkati mokamba, lata limodzi linatukuka, mwatulukira inu a Kathyole, pensulo kukhutu, sikelo kukhwapa. Musakane, ndinakuonani ndi maso angawa. Mwati, "Chilichonse chodutsa pa denga langa ndiyenera kuchiona, mwina n'chogulitsa." Mwalanda kaphukusi, mwayesa ndi zikhadabo, mfundo ili gwa. Mwayesa ndi mpeni wanu wodulira sopo, mpeni wapindika. Mwaika mano, ndiye dzino lanu lachitsulo lija linatuluka lokha n'kunena kuti, "Bwana, ine ndasiya ntchito," n'kutsika pa makwerero kumapita. Inu munandibwezera kaphukusi mwaulemu, dzanja lina litagwira pachigongono, n'kubwerera m'lata mwanu. Apo mtima wanga unayamba kukhalako pansi.

Kabokosi kanu kanandiponya bwinobwino kulunjika kumtunda, koma mwadzidzidzi kunabwera chimphepo n'kundikokera kumbali, mpaka ndinakagwa khu patsinde pa nsanja ya kampani ya mafoni, ija timaiona patali kumsewu, yofiira ndi yoyera. M'malotomu inali itabwera pafupi, yaima pakati pa munda wa fodya, yavala tayi, mutu uli m'mitambo. Patsinde pake pali desiki, padesikipo pali bwana wa suti yakuda ndi malaya oyera, pambali pake mayi wina wavala zomvera m'makutu.

"Takulandirani mayi," akutero bwanayo, mano onse panja. "Mawu onse a dera lino amadzera kwa ife. Dzina lanu? Chiphaso? Mukuyankhula ndi ndani? Dzulo munagona kuti? Nanga bwanji mwezi wathawu munaima nthawi yaitali pa chulu cha kusukulu?"

"Ndinkasaka netiweki yanu yomweyo, bambo."

"Tikudziwa. Tinakuonani."

Akuyankhula choncho mphuno ikutalika, ikuuma, suti ikumera nthenga, ndiye ndisanaphethire anali khwangwala wathunthu, malaya oyera aja atsala pachifuwa. Mayi uja makutu anakula, anakula, mpaka anasanduka mleme n'kukalendewera chadodolido pa waya wa nsanja. Palibe anadabwa, ngakhale ine ndemwe.

"Masulani tione," akutero khwangwala. "Sitiuza munthu. Timangosunga."

"Kusunga kuti?"

Anandilozera ndi phiko. Kuseri kwa nsanja kunali chinkhokwe choposa tchalitchi kukula, chodzaza mawu a anthu, onse akuyankhula nthawi imodzi. Muli "Halo, halo," muli "Ndiimbireni," muli "Ndili pa depoti," muli a Kathyole akuuza munthu kuti ali ku Lilongwe pomwe ali kuseri kwa okala. Ndinayamba kuseka. Koma mwadzidzidzi pakati pa phokoso lonselo ndinamva, "Amayi? Amayi, mukundimva? Ndafika bwino, kuno kukuzizira."

Anali Lefani. Mawu ake a tsiku lija atangofika ku Joni, ine ndili pa chulu cha kusukulu mvula ikundivumba. Musandiyang'ane choncho anzanga, ndinalira. Mwana ndi mwana ngakhale atchone. Ndinakhala pansi mufodyamo.

Khwangwala anayandikira chammbali, monga amachitira akaona chimanga pamphasa. "Tisinthane mayi. Mutipatse kaphukusiko, ife tikupatseni mawu awa muzikamvera tsiku lililonse."

Ndisaname, ndinatambasula dzanja. Koma kaphukusi kanandiluma chala n'kunena ndi mawu anga omwe kuti, "Nangondo, ana a Lefaniyo adzadya 'ndafika bwino'?" Ndinabweza dzanja. Ndinapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje n'kunena kuti, "Bwana khwangwala, mawu amenewo anandiuza ine, ndili nawo kale. Musandigulitse chinthu changa chomwe."

Khwangwala anapsa mtima, anajompha dzanja la mtedza, mtedza balala pansi. Mleme ukukuwa kuti "Gwirani! Gwirani!" nsanja ikuwerama kuti indinyamule. Ndiye mwadzidzidzi kunamveka jenereta ikutsokomola, khoo, khoo, zii. Mafuta atha. Nsanja inauma chowerama n'kuyamba kubwebweta mwatulo kuti, "Pepani, munthu amene mukumufunayu sakupezeka, yesaninso nthawi ina." Khwangwala anauma kukamwa kuli yasaa, mleme unagona. Ine ndinatola timtedza tomwe ndinatha kuona, ndinakonza duku, n'kudutsa pakati pawo osathamanga.

Tsopano ndikukwera mtunda wapansi, bondo limodzi koma osatsimphina, ndiye ndinapeza chingwe chamangidwa kuchoka pa mtengo wa mbawa kukafika pa mtambo. Rodibuloko. Pali mkulu wina wa yunifomu, tepi m'manja, akuyeza mphepo.

"Mphepo mwakweramoyi mwapempha kwa yani?" akundifunsa.

"Kodi mphepo amapempha?"

"Zimatengera. Ya m'munsi ndi yaulere, ya pakati ndi ya kampani, ya pamwamba tikukambiranabe."

Akutero yunifomu inasanduka yobiriwira, kenaka yachikasu, kenaka ya maluwa a chitenje changa, kumuyang'anitsitsa ndi nanzikambe, diso lina pa kaphukusi, lina pa mtedza. Lilime linangoti nyambu, mtedza wapita, katsala kamodzi komwe kanabisala pakati pa zala.

"Dikirani pompo ndikafunse akuluakulu," akutero.

Ananyamula mwendo wakutsogolo n'kuuimika m'mwamba, akuganiza. Ndinadikira, ndinadikira, udzu unamera n'kundifika m'chiuno, mwendo uli m'mwamba. Ndinawerama n'kudutsa kunsi kwa chingwe. Nditamutsanzika anati ayankha mawa.

Ndiye ndinafika pa denga lanu a Namaseko, ndi kamtedza kamodzi kokhako. Kuchoka pamenepo kuseri kwa phiri kukuoneka bwinobwino, mpaka utsi wa kwa Mphanyama. Koma kabokosi kanu kagona chagada, kakuliza mkonono. Ndikakagwedeza kakungoti, "Njala... dzuwa... njala." Kuyang'ana pa galasi la sola, mayo ine, mwayanikapo bowa! Timanyame tanu tija tating'ono ngati makutu a mbewa, mwayala galasi lonse, poti pamenepo pamauma msanga ndipo nkhuku sizifika.

Mwaseka? A Kathyole taonani, akubisa nkhope! Ndiye kuti n'zoona, mumayanikadi pa sola! Koma abale inu. Mauthenga a mudzi wonse kumagona ndi njala chifukwa cha ndiwo zanu. Chabwino, tikamba pambuyo, ndimalize kaye.

Ndinafuna kukankha bowayo, koma aliyense anakuwa kuti, "Si inu munatiyanika!" n'kumamatira pagalasi. Ndiye munatulukira inu, mwakhala pansonga pa denga mukusenda nyemba, mukundiyang'ana ndi diso lija mumandiyang'ana nalo ndikamatsika m'phiri.

"A Nangondo, mwanyamula chiyani?"

"Mankhwala a bondo."

"Bondo lake liti, poti mwalisiya kunyumba? Tandigwiritsani."

Ndikanatani? Njira ina kunalibe, kamtedza katsala kamodzi, denga ndi lanu. Ndinakupatsani. Munakanunkhiza. Munakagwedeza kukhutu. Munachotsa pini pa bulauzi, munaboola tsamba pang'ono n'kuika diso. Ine ndinatsinzina n'kunena chamumtima kuti amayi anga ndikhululukireni, malo aja apita.

"Asa!" mwatero. "Muli nyerere zokhazokha, zikungoyenda uku ndi uku. Iyi yanyamula chidutswa cha mawu, iyo yanyamula china, sizikugwirizana."

Munayesa kuzifoletsa pamzere ngati ana asukulu, zinakulumani. Munayesa kuzinyengerera ndi shuga, zinadya shugayo n'kubwerera m'tsamba. Munaziopseza kuti muzithira palafini, imodzi inatuluka n'kukufunsani kuti palafiniyo mumupeza kuti masiku ano. Pomaliza munatopa, munatembenuza kaphukusi n'kuona dzina lolembedwa kunja.

"Kodi n'za amake Pempho? Mpongozi wanu uja?"

"Eya."

Munaika nyemba pansi. Kenaka munati, "Ana aja ndinawaona pa Khirisimasi, timiyendo ngati mapesi. Bwanji osanena poyamba, nkhalamba yokanika inu?" Munavula chitenje chapamwamba, munakokolera bowa wanu yense mmenemo, n'kupukuta galasi ndi malovu mpaka linawala. Pamenepo ndiye ndikuyamikeni, ngakhale zinali za kutulo.

Kabokosi kanayasamula, kanamwa dzuwa, kanadya kamtedza komaliza kaja n'kundifunsa ngati ndakonzeka. Ndisanayankhe kanandiponya. Inu mukukuwa pambuyo kuti, "Mungondiuza kuti ndi kumanja kapena kumanzere!" Ine ndikuuluka, ndikukubayibitsani.

Ndinadutsa pamwamba pa phiri lonse, ndipo pomwe ndinayang'ana sindikuuzani. Ndinakatera pakhomo pa Fanesi, iye akutsuka mbale, Pempho ndi mng'ono wake akulimbirana nkhoko za phala. Sanandione, ndinali ngati mphepo chabe. Kaphukusi kanadumpha kokha kukagwa m'manja mwake monyowamo, ndipo mfundo ija inakanika mpeni ndi mano inangomasuka yokha. Nyerere zonse zinafola mwaulemu, zinakwera pamkono n'kuyamba kumunong'oneza kukhutu. Anamvetsera, anapukuta manja, anatenga beseni osauza munthu. Ine pambuyo pake.

Mwadzidzidzi tafika. Utale uli mbee, wina watambasuka, wina ukungotumphuka kumene m'nthaka. Ndipo pakati pake akhala amayi anga, malemu, ndi kampeni kawo kopanda chigwiriro, nkhope ili ndwii monga ankakhalira munthu akawatayira mchere. Amayi anga mukuwakumbuka a Namaseko, sanali munthu wosekerera zopusa.

"Iwe mwana iwe," akutero kwa ine, "uyu ndani?"

"Mpongozi wanga, amayi."

"Malo anga wapatsa mlendo? Magazi athu alibe uyu."

"Amayi, wa magazi athu ali ku Joni, sakudziwa ngati ndili moyo. Uyu ndi amene amandisisita bondo."

"Kusisita bondo ndi kwina, kusunga pakamwa ndi kwina. Akapita kumjigo sakaulula? Adziwa kubwera osatsatidwa?"

"Sindikudziwa amayi. Sindinamuphunzitse. Ndangomukhulupirira."

Amayi anatembenuka. Anamuyang'ana Fanesi kuyambira kumutu mpaka kumapazi, Fanesi wagwada, maso pansi. Ine mantha andigwira, poti ndinkadziwa kuti akakana amayi, bowa yense abwerera m'nthaka osadzatulukanso, ndipo ana aja azingolimbirana nkhoko. Anazula utale umodzi n'kuyamba kupala dothi la patsinde ndi kampeni kaja, kwee, kwee, kwee, osanena kuti inde, osanena kuti ayi. Ndikuti, "Amayi, tayankhani," iwo kwee, kwee. Ndikuti, "Amayi!" kwee, kwee, kwee.

Ndinadzidzimuka. Dzuwa lalowa kale pazenera, mankhwala aja anandigoneka ngati chipika, bondo labwerera pamalo pake ndi ululu wake womwe. Koma kwee kwee uja sanasiye, akuchokera pakhonde, pomwe mwakhala inu a Kathyolepo. Ndinadzikoka mpaka pakhomo n'kusuzumira. Fanesi wakhala chotambalala, mpeni wanga wa kukhitchini m'manja, akupala utale, beseni ladzaza tho. Uthenga unafika dzulo lomwelo dzuwa lisanalowe, ine ndi amene ndinkayang'ana kachizindikiro pamalo polakwika.

Koma chomwe chinandigwira mtima si bowayo ayi. Miyendo yake inali matope akuda a kudambo mpaka m'mawondo, pomwe phiri lonse la Kalilombe lilibe dambo. Pambali pa beseni pali mulu wa bonongwe.

"Nanga matopewa, amake Pempho?" ndikumufunsa.

"Ndinazungulira kumunsi amayi, kuti woona miyendo aziti ndachokera kudimba. Bonongweyu ndinavundikira pamwamba. Utale wina waung'ono ndausiya, ndauphimba ndi masamba, ndikautenga mkuja podzera njira ina."

Zimenezo mu uthenga munalibe. Sindinalembe, sindinamuuzepo. Ndinangokhala pakhomopo n'kuyamba kulira ndi chimwemwe, iye n'kumadabwa kuti kapena walakwitsa china chake. Ndinati, "Simunalakwe mwana wanga, pitirizani kupala."

Pano wapita kumjigo, abwera posachedwa, ndipo simuchoka osadya, mphika uli pamoto. Koma a Namaseko, tandiuzani. Fanesi akuti m'mawa uno pa kamlatho ka kudambo anakumana ndi mayi wina wochokera kudimba. Akuti mayiyo anamuimitsa, anasuzumira m'beseni n'kunena kuti, "Ha, mwana iwe, ulendo wonsewu bonongwe?" n'kumumvera chisoni mpaka kumupatsa tomato. Tomato wanuyo zikomo kwambiri, tathira mu utale.